Kamtsinje kochokera ku Lai da Tuma

Wokondedwa Tadala,

Uli bwanji mwana wanga? Amayi ako akuti wawatopetsa ndi funso lakuti mtsinje umayambira pati. Khala pansi ndikuuze za umodzi wa kuno ku Switzerland.

M'mapiri a Alps, m'munsi mwa phiri la Piz Badus, muli kanyanja kotchedwa Lai da Tuma. Kali pamwamba kwambiri, mamita 2,345 kuchokera pa nyanja yamchere, moti mitengo simerako, ndi udzu waufupi ndi miyala basi. Nyengo yozizira kanyanjaka kamaundana n'kukwiririka ndi sinoo. Kukayamba kufunda sinooyo amasungunuka, madzi n'kumatsetsereka m'matanthwe mpaka kanyanja tho! Akasefukira amatulukira pa kampata ka miyala, ndipo pamenepo ndi pamene kamayambira kamtsinje ka Rein da Tuma.

N'kakang'ono, iwe. Malo ena ukhoza kukawoloka podumpha pamiyala. Madzi ake ndi oyera mbee, timiyala tapansi timaoneka tonse, koma ukaviika dzanja zala zimachita dzanzi nthawi yomweyo. M'mbali mwake mumakhala tinyama totchedwa marmot, tofanana ndi mbira. Tikaona munthu timaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kamodzi n'kuimba likhweru, tonse psiti kuuna.

Kakatsika, timitsinje tina timathiramo ndipo dzina limasintha kukhala Vorderrhein. Pa Reichenau umakumana ndi mnzake Hinterrhein, awiriwo n'kukhala mtsinje wa Rhine. Umalowa m'nyanja ya Bodensee, n'kutulukanso, n'kudutsa mzinda wa Basel, kenako Germany, mpaka kukathira m'nyanja yamchere ku Netherlands. Ulendo wonsewo ndi makilomita pafupifupi 1,230, ndipo kumunsiko mumayenda sitima zikuluzikulu za katundu.

Chimene chimandiseketsa ine ndi ichi. Pa Oberalp, pomwe anthu amayambira kukwera popita kukanyanjako, anamangapo nsanja yofiira ya nyali, ija imaunikira sitima zapamadzi usiku. Paphiri, popanda ngakhale bwato! Anatengera ina imene inali ku Hoek van Holland, komwe Rhine amathera.

Upemphe aphunzitsi akuonetse Rhine pa mapu, ulondole ndi chala kuyambira kuphiri. Ukatero undijambulire marmot m'mene ukumuganizira, amayi anditumizire pa WhatsApp. Upereke moni kwa agogo, ndipo usamavute posamba m'mawa.

Ndine azakhali ako okukonda.