Notisi si chilolezo choti ejenti azilowa m'nyumba mwathu mmene afunira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga amene tikukhala m'nyumba za lendi kuno ku Harare, makamaka ife a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Mbare amene makolo athu anachokera ku Malawi. Pali khalidwe limene lamera mizu pakati pa maejenti ena a nyumba, ndipo ambiri a ife tangolilandira ngati ndi lamulo. Munthu ukangopereka notisi, kapena eni nyumba akakupatsa notisi, ejenti amayamba kubwera ndi anthu odzaona nyumba nthawi iliyonse imene wafuna. Foni saimba, odi sanena, ndipo ena amachita kutsegula ndi makiyi awo iwe kulibe. Ukafunsa amakuyankha kuti, "Mayi, inu mukutuluka kale, chavuta n'chiyani?"

Chavuta n'chakuti sindinatuluke. Lendi ya mwezi umenewo ndalipira yonse, m'madola a ku America, ndipo palibe amene anandichotserako ngakhale senti chifukwa choti ndili pa notisi.

Ine ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo makina anga ali m'nyumba momwemo. Chaka chatha ndinapereka notisi pa kanyumba ka zipinda ziwiri komwe ndinkakhala, chifukwa lendi inali itandipitirira msinkhu. Tsiku lina ndinapita m'tauni kukagula nsalu. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo ankalowa m'kalasi masana, anatsala yekha. Madzi a m'mipope anali atasowa monga mwa masiku onse, ndiye ankasamba madzi a m'ndowa amene tinatunga ku mjigo. Ejenti anatsegula chitseko ndi kiyi wake, ali ndi azibambo awiri achilendo. Mwanayo anadzitsekera kubafa mpaka anthuwo atachoka. Nditafika ndinamupeza akunjenjemera, osafuna ndi nsima yomwe. Madzulo ake mnzanga wa ku tchalitchi ananditumizira zithunzi zimene anaziona pa Facebook: chipinda changa chogona, makina anga osokera, batire la sola, silinda ya gasi, zonse zili poyera, ndipo pansi pake analembapo dera ndi msewu. Aliyense wokhala mu Harare akudziwa chimene wakuba amachita akaona batire la sola pa chithunzi m'nthawi ino ya kuzimazima kwa magetsi.

Nkhani imeneyi ndi imene inandichititsa kufunsa anthu odziwa malamulo, ndipo zimene ndinamva ndikufuna abale anga azimvenso. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, pa gawo 57, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu woti pakhomo pake pasalowedwe popanda chilolezo chake. Pakhomo pa munthu ndi pamene amagona ndi ana ake, kaya nyumbayo anamanga yekha kaya amachita lendi. Komanso pamene eni nyumba alandira lendi, amakhala alonjeza kuti wolipirayo akhalamo mosasokonezedwa. Notisi imangonena tsiku limene mgwirizanowo udzathe. Tsikulo lisanafike zonse zili mmene zinalili, ndipo ejenti, amene ndi wotumidwa chabe wa eni nyumba, sangakhale ndi mphamvu zoposa za amene anamutuma.

Gawo 74 la malamulo omwewo limati munthu sangatulutsidwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Choncho eni nyumba amene amazula chitseko, kusintha maloko, kudula magetsi kapena kutseka madzi pofuna kuti utuluke msanga akuphwanya lamulo, ndipo khoti la majisitireti likhoza kuwalamula kuti abwezeretse zinthu mmene zinalili. Wotulutsa katundu wa munthu panja ndi Messenger of Court, mthenga wa khoti, atanyamula chikalata cha khoti. Achinyamata olembedwa ganyu pa siteji ya makombi alibe mphamvu imeneyo. Palinso malamulo a lendi otchedwa Rent Regulations za 2007, zimene zimadziwika kuti Statutory Instrument 32 of 2007, ndiponso Rent Board imene imamva madandaulo a lendi ya nyumba zogonamo.

Tsono pasakhale wina wondimva molakwa. Sindikunena kuti tizikaniza anthu kuona nyumba. Eni nyumba ambiri ku Mabvuku ndi agogo amasiye amene penshoni yawo inadyedwa ndi kugwa kwa ndalama mu 2008, ndipo amadya, kugula mankhwala ndi kulipirira adzukulu sukulu kuchokera ku lendi ya zipinda ziwiri zokha. Nyumba ikakhala mwezi wathunthu yopanda munthu, kwa iwo ndi njala. Ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti wolowa m'malo mwako apezeke usanachoke. Ndiponso mapepala ambiri a mgwirizano wa lendi ali ndi ndime yonena kuti eni nyumba kapena ejenti akhoza kudzayendera nyumba kapena kuionetsa kwa ena pa nthawi yoyenera atakudziwitsa. Ngati unasayina ndime yotere, uyenera kuisunga. Koma nthawi yoyenera ndi imene anthu awiri agwirizana. Si 6 koloko m'mawa ana akuvala, si Lamulungu banja lili ku mapemphero, ndipo si pamene mtsikana watsala yekha pakhomo.

Chimene chimachititsa kuti maejenti ena abwere ndi chikhamu tsiku ndi tsiku tonse tikuchidziwa. Ambiri amalipiritsa munthu aliyense ndalama yongoonera nyumba. Anthu akachuluka, ndalama imachuluka, kaya nyumbayo aitenga kaya ayi. Ndinaona ndekha anthu ena akubweretsedwa kudzaona kanyumba kanga pamene eni ake anali atalonjeza kale banja lina. Amenewonso anaberedwa, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa wofunafuna nyumba mu Harare amayenda ndi mtima m'malere. Ntchito ya uejenti ili ndi lamulo lake, Estate Agents Act, ndipo maejenti enieni amalembetsa ku Estate Agents Council of Zimbabwe, kumene munthu angathe kukadandaula. Ambiri amene amatsatsa nyumba m'magulu a WhatsApp sanalembetse kulikonse. Mufunseni ejenti wanu ngati analembetsa, ndipo mufunsenso eni nyumba ngati anamutumadi ndiponso ngati iwo ndi amene anamupatsa kiyi.

Ine ndinalemba uthenga pa WhatsApp kwa eni nyumba ndi kwa ejenti, mwaulemu, wopanda chipongwe. Ndinati anthu azibwera Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ndiponso Loweruka m'mawa, andiuze kudakali tsiku limodzi, ndipo pakhale ine kapena munthu wamkulu amene ndamusiya. Ndinapempha kuti zithunzi za katundu wanga zichotsedwe pa intaneti, ndi kuti akafuna kujambula ajambule kunja kapena chipinda chimene ndachikonza. Ejenti anandiopseza kuti dipoziti yanga sindidzaiona. Dipoziti ndi ndalama yokonzera zimene wawononga kapena yolipirira lendi imene watsala nayo, si chindapusa cholangira munthu amene wapempha ulemu. Ndinasunga mauthenga onse ndi malisiti, ndipo tsiku lotuluka ndinajambula chipinda chilichonse, makoma, mawindo ndi mita ya magetsi. Wokanizidwa dipoziti popanda chifukwa akhoza kupita ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, kumene safunika loya. Eni nyumba anga, atamva za mwana uja, anamulanda ejentiyo kiyi okha.

Chinthu chimodzi ndikuchondererani: musasiye kulipira lendi chifukwa cha mkwiyo. Ndaona anzanga akunena kuti, "Poti andinyoza, mwezi womaliza adye dipoziti." Mukatero mwawapatsa chifukwa chokusumirani, ndipo nkhani ya kulowa popanda chilolezo imakwiririka pansi pa ngongole yanu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mantha a anthu athu. Ambiri tinakula tikuona makolo athu atanyamula zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, ngakhale anabadwira konkuno, agogo athu atathera mphamvu zawo m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu ku Highlands ndi Borrowdale. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, tinaona tinyumba ta kuseri tikugwetsedwa, mabanja akugona panja m'nyengo yozizira, ena akuuzidwa kuti abwerere kumudzi pamene mudzi analibe. Kuyambira pamenepo ambiri a ife tinaphunzira kuweramitsa mutu. Mayi wina wachikulire wa mu mvano wathu anandiuza kuti, "Mwanawe, ife ndife obwera, tisamalimbane ndi eni dziko." Ndinamumvetsa, koma sindinagwirizane naye. Gawo 43 la malamulo a 2013 linazindikira kuti amene anabadwira muno malamulowo asanatuluke, kholo lawo lili lochokera ku dziko la SADC monga Malawi, ndipo ankakhala muno, ndi nzika za Zimbabwe mwa kubadwa. Gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ngakhale amene anabwera posachedwa ndi pasipoti ya Malawi, gawo 57 likunena za munthu aliyense, silinasankhe nzika zokha.

Ndikupempha atsogoleri a mipingo yathu, kuyambira CCAP Harare Synod mpaka ku mizikiti ya ku Mbare ndi Mabvuku, ndiponso mabungwe athu othandizana pa maliro, kuti aziitana anthu a Legal Aid Directorate kapena Legal Resources Foundation, amene amathandiza anthu pa nkhani za malamulo, adzafotokozere anthu za lendi m'chilankhulo chimene agogo athu amamva. A Estate Agents Council nawo alengeze poyera, pa wailesi ndi m'nyuzipepala, zimene ejenti wolembetsa ayenera kuchita asanalowe m'nyumba imene muli anthu, ndiponso kumene munthu angakanene za ejenti wosalembetsa. Inunso Akonzi, tumizani mtolankhani wanu akacheze ndi amayi a ku Tafara ndi Dzivarasekwa amene amachoka m'bandakucha kupita ku msika wa Mbare Musika, n'kusiya ana okhaokha m'nyumba zimene makiyi ake ali m'thumba mwa munthu amene sakumudziwa.

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala,
Mabvuku, Harare