Kalata kwa Mkulu wa Maphunziro m'Chigawo cha Tete: mwana wolumala aphunzire kudziyendera

Bwana Mkulu,

Ndine mphunzitsi wopuma wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Ndikulemberani za ana olumala amene amati akamaliza sukulu amabwerera kukangokhala pakhonde.

Malamulo tili nawo. Mu 2012 Mozambique idavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu olumala, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense afike kalasi 9. Kuno ku Tete kulinso CREI, amodzi mwa malo atatu m'dziko muno othandiza maphunziro a ana otere. Koma mayeso athu amangoyeza zolemba, sayeza ngati mwana angafike yekha kumsika.

Pa ana awiri osaona amene ankakhoza mofanana m'kalasi, wopeza pogwira ndi uja adaphunzira kuyenda ndi ndodo yoyera, kukwera chapa (minibasi) yekha, kusiyanitsa ndalama m'manja ndi kufunsa njira mopanda manyazi. Mnzakeyo ankagwidwa dzanja ndi mng'ono wake m'mawa uliwonse. Lero mng'onoyo adakula, adakwatiwa, adapita kwa amuna ake. Satifiketi ili m'sutikesi, mwiniwake akudikira womutulutsa panja.

Ndikudziwa mtsikana wosamva amene amagulitsa kachewere. Mtengo amaulemba pafoni n'kuonetsa wogula, wina akanenerera amapukusa mutu n'kulemba mtengo wina, ndalama amalandira pa M-Pesa. Adamuphunzitsa ndi azakhali ake, osati sukulu. Nanga wopanda azakhali otere?

Chifundo nachonso chimapundula. Mawu oti "musiyeni, ndimuchitira" amamveka okoma, komatu womuchitirayo sadzakhalapo tsiku lofunsira ntchito ku Moatize, tauni ya migodi ya malasha.

Pempho langa ndi ili, Bwana. Luso lodzidalira lipatsidwe nthawi yakeyake pa ndandanda ya maphunziro kuyambira makalasi oyamba, lisamadikire mphunzitsi wokoma mtima. Akatswiri a ku CREI azifika ku Tsangano, Macanga ndi Chifunde kudzaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi makolo, poti si banja lililonse lingatumize mwana kumzinda. Ndipo mwana asanatuluke kalasi 9, sukulu izikhala naye pansi, iyeyo mwiniwake anene chimene akufuna, kaya ndi ntchito zamanja ku IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zotere, kaya kupitiriza maphunziro. Pakatha chaka, ofesi yanu izifufuza kumene ali ndi chimene akuchita.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Ulónguè