Ndiwerenge ana angati m'mbiri ya malemu bambo anga?

Zikomo alangizi,

Ndikulemba kalatayi pakati pa usiku ana onse atagona, chifukwa patha masabata atatu ndikutsegula kope kuti ndilembe mbiri ya malemu bambo anga, koma cholembera chikumangoima pa mzere umodzi womwewo. Bambo anatisiya chaka chatha nthawi yokolola, ndipo mwezi wamawa tikukavundukula chiliza chawo kumudzi kwathu m'boma la Dedza. Abale anasankha ine kuti ndidzawerenge mbiriyo, ati popeza ndine mphunzitsi, ngakhale kuti pa nkhani zina zonse za m'banjamo maganizo anga sawalabadira n'komwe.

Ndiyambe ndanena kuti bambo anali munthu wabwino, ndipo wotsutsa zimenezi ndiye kuti sanawadziwe. Njala ya 1949 anaiona ali kamnyamata, moti mpaka ukalamba wawo sankalola kuti mkute utayidwe. Anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo anabwerera kotheratu boma litaletsa maulendowa chifukwa cha ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70. Anzawo ena anatchona, ena anabwera ndi masuti ndi wailesi basi, koma iwo anabwera ndi makina osokera a Singer, njinga yakapalasa, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lomaliza. Makina amenewo ndiwo anatiphunzitsa ana asanu ndi mmodzi, nthawi imene ngakhale pulayimale inali yolipira. Ankalawirira kumunda kusanache, dzuwa likamakwera ali kale pakhonde la sitolo akupalasa makina, tepi ili m'khosi, ndipo madzulo ankadzera kudimba asanafike pakhomo. Chikhadabo cha chala chawo cholozera chinali chong'ambika pakati pomwe singano inaboola, ndipo ndi chala chimenecho ankatsata nacho malikisi pa lipoti langa la sukulu, pang'onopang'ono, ngati akuyeza nsalu. Pa njala ya 2002 nkhokwe yathu inadyetsa mabanja atatu oyandikana nafe, amayi akudandaula, iwo osayankha kanthu. Kumowa sindinawaoneko, ndipo dzanja lawo silinakhudzepo amayi.

Zonsezi ndinalemba kale ndipo zadzaza masamba awiri. Pamene ndaima ndi pa mawu aja akuti "asiya mkazi ndi ana".

Tsiku la maliro, adzukulu atatsala pang'ono kunyamula bokosi, kunafika munthu wina wa imvi zapatalipatali amene anati wachokera ku Mchinji. Anapereka chipepeso, nakhala pansi pakati pa amuna, ndipo mwambo wa kumanda utatha anatengera pambali abambo athu aang'ono, amene pambuyo pake anatiuza kuti munthuyo ndi mwana wa malemu. Sindinafune kukhulupirira, koma nditamuona akuyenda kuchokera kumbuyo, phewa limodzi litatsika, miyendo yanga inazizira. Zaka zake sindizitchula muno, mungodziwa kuti si wamkulu kuposa achimwene anga oyamba kubadwa. Anali ndi makalata m'kathumba ka pulasitiki, olembedwa ndi dzanja limene ndimalidziwa bwino, ndipo mwa iwo zinaoneka kuti makina omwe aja ankalipiranso fizi ya mwana wachisanu ndi chiwiri. Amayi titawafunsa anangoti, "Zisiyeni, ana inu," n'kutembenukira kukhoma, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati mawuwo anali a munthu wodziwa kale kapena a munthu amene walasidwa tsiku lomwelo.

Achimwene akuti munthuyo akadzaponda pa mwambowo iwo adzanyamuka, ndipo matumba awiri a simenti amene iye anatumiza kuti athandize pa chiliza anawabweza pa minibasi. Komatu achimwene omwewo pa chilizacho sanaponyepo ngakhale tambala, njerwa ndi mchenga ndinagula ndine, mmisiri ndikumulipira ndine pang'onopang'ono, ndipo pa maliro ufa ndi nkhuni zinachokera m'thumba mwanga pamene iwo anangogwira kope la chipepeso, lomwe mpaka pano sitinalione. Alamu anga nawo ananyamula makina aja pasanathe sabata, ati akawasunge, chonsecho sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi m'singano. Nditafunsa za makinawo pa gulu lathu la WhatsApp anandichotsamo kwa mwezi wathunthu. Mwina izi n'zazing'ono, koma ndazitchula kuti muone anthu amene akundilamula zoti ndilembe.

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Zaka zinayi zapitazo ndinagwa m'ngongole ya katapila, ndipo mmene ndinagweramo sindifotokoza muno. Bambo anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri n'kundipatsa ndalamazo amayi ndi achimwene osadziwa, ndipo anthu anauzidwa kuti ng'ombezo zinkadwala. Ndinalonjeza kubweza pakutha pa chaka, koma sindinabweze, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Sabata yawo yomaliza anandiimbira katatu ali m'chipatala, ine osayankha, poganiza kuti akufuna kukumbutsa za ng'ombe, ngakhale kuti sanayambe andikumbutsapo. Ndinkati ndipita Loweruka ndikalandira, ndipo anamwalira Lachinayi. Akanandiuza abale kuti matenda afika pamenepo ndikanapita, koma onse ankangoti ndi chifuwa chawo chija. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti munthu wa ku Mchinji uja anafika kuchipatalako Lachiwiri, abambo aang'ono atamutumizira uthenga mwachinsinsi, ndipo anawamwetsa phala ndi kuwameta ndevu. Iye amene sanagonepo m'nyumba mwathu anawaona ali moyo, ine amene anandigulitsira ng'ombe ndinapeza atawatseka kale maso.

Nthawi zina ndimawakwiyira bambo kuti anatinamiza zaka zonsezi akutiphunzitsa kunena zoona, kenaka ndimakumbukira kuti bodza lawo lomaliza analinena pofuna kubisa manyazi anga, ndiye mkwiyowo umabwerera kwa ine ndemwe. Sindikudziwanso ngati ndikufuna kumutchula munthuyo chifukwa cha chilungamo kapena pofuna kuwawitsa mtima achimwene.

Ndithandizeni, alangizi. Kodi ndikadzawerenga kuti ana asanu ndi awiri, amayi ali pamphasa pomwepo pakati pa amayi a Mvano anzawo, sindiye kuti ndawavula pagulu pa ukalamba wawo? Nanga ndikadzati asanu ndi mmodzi, iye ataima kumbuyo kwa khamu akumva, ndidzakhala ndawalemekeza bambo kapena ndakana mwana amene iwo sanamukane? Kodi ndiwafunsenso amayi patokha, kapena mawu aja akuti zisiyeni ndiwo yankho lawo? Ndipo za ng'ombe zija ndiulule kwa abale mwambo usanachitike, podziwa kuti achimwene adzazisandutsa chikwapu chondikwapulira moyo wanga wonse, kapena ndingogula thole n'kukalowetsa m'khola la amayi mwakachetechete? Mmisiri akufuna mawu olemba pa chiliza pofika Lachisanu, ndipo nambala ya foni ya munthu uja ili pa kapepala m'Baibulo langa, sindinaiimbebe.

Ine wothedwa nzeru,
Lilongwe