Dzina la gulu lisaphimbe zosowa za mwana wa autism

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imasowetsa mtendere makolo ambiri amene mwana wawo wapezeka ndi autism, vuto limene limakhudza mmene mwana amalankhulirana ndi kukhalira ndi anthu ena. Nkhaniyi ndi ya magulu amene sukulu zimaikamo ana ofunika maphunziro apadera, komanso thandizo limene mwana amayenera kulandira akaikidwa m'gulu lotere. Maganizo anga ndi akuti timathera mphamvu zambiri pokangana za dzina la gulu lolembedwa papepala, chonsecho funso lofunika kwambiri ndi lakuti mwanayo azithandizidwa motani akalowa m'kalasi m'mawa uliwonse.

Magulu amenewa sindikuwanyoza ayi, chifukwa ali ndi mbiri yake yomveka. Ku America, lamulo lokakamiza sukulu za boma kuphunzitsa ana onse aulumali linakhazikitsidwa mu 1975, panthawi imene ana ambiri otere ankabwezedwa pakhomo la sukulu. Mu 1990 lamulolo linapatsidwa dzina latsopano la Individuals with Disabilities Education Act, ndipo chaka chomwecho autism inalembedwa ngati gulu loima palokha. Lero magulu onse alipo 13, ena mwa iwo ndi kusamva, vuto la kuona, vuto la kulankhula, ulumali wa ziwalo, kuchedwa kumvetsa zinthu, kuvulala kwa ubongo ndi vuto la kuwerenga kapena kulemba. Boma limafuna magulu otere kuti lidziwe chiwerengero cha ana, ligawe ndalama ndiponso likonze maphunziro a aphunzitsi. Kholo nalo limapeza poyambira kudandaula, popeza mwana wolembedwa m'gulu amakhala ndi ufulu umene khoti lingauteteze.

Chimene makolo ambiri sauzidwa msanga ndi chakuti zimene dokotala wapeza ndi zimene sukulu imalemba si chinthu chimodzi. Madokotala amatsatira mabuku awo, monga DSM-5 la mu 2013, limene linasonkhanitsa mayina akale, kuphatikizapo Asperger, pansi pa dzina limodzi, n'kugawa milingo itatu molingana ndi kukula kwa thandizo limene munthu akufunika. Sukulu za ku America zimafunsa mafunso ena: kodi vutolo likusokoneza maphunziro a mwanayu, nanga akufunikadi kuphunzitsidwa mwa njira yapadera? Motero mwana amene amakhoza bwino mayeso angathe kukanidwa, ngakhale kuti nthawi yopuma amakhala yekhayekha ndipo akafika kunyumba amalira chifukwa chotopa ndi kudzigwira tsiku lonse. Atsikana ndi amene amagwera kwambiri m'mpata umenewu, pakuti ambiri amadziwa kubisa vuto lawo potsanzira anzawo, ndipo ziwerengero zimaonetsa anyamata atatu kapena anayi opezeka ndi autism pa mtsikana mmodzi. Kwa mwana wokanidwayo pamatsala lamulo lina la mu 1973, gawo 504, limene limamupatsa zinthu monga nthawi yowonjezera pamayeso kapena malo abata, koma kawirikawiri silimupatsa maphunziro okonzedwa mwapadera. Ine ndimaona kuti sukulu imene imayesa maphunziro ndi malikisi okha imalakwitsa, chifukwa kutha kupempha chinthu, kudikira nthawi yako ndi kugwira ntchito ndi anzako ndi mbali ya maphunziro.

Ngakhale mwana atalandiridwa m'gululo, dzina la autism limatiuza zochepa kwambiri za iyeyo. Pamene dokotala Leo Kanner ankalemba za vutoli mu 1943, ankafotokoza za ana 11 okha. Lero dzina lomwelo likukhudza mwana amene sanatulutsepo liwu ali ndi zaka 8, ndiponso mwana amene amalankhula mosalekeza za sitima kapena nyenyezi koma osazindikira kuti womumvera watopa. Wina phokoso la belu limamupweteka mpaka kutseka makutu, wina samva kuwawa msanga ndipo akavulala sanena. Ambiri amakhalanso ndi mavuto ena monga khunyu, nkhawa, kusowa tulo kapena kulephera kukhazikika. Mphunzitsi amene wangouzidwa kuti m'kalasi mwake mukubwera mwana wa autism sanauzidwe kanthu kokwanira kokonzera phunziro. Malamulo a ku America amavomereza zimenezi, chifukwa amanena kuti kuunika mwana kuyenera kupeza zosowa zake zonse, ngakhale zimene kawirikawiri sizigwirizana ndi gulu limene waikidwamo. Chomvetsa chisoni n'chakuti sukulu zina zimakhala ndi thandizo lokonzeratu la gulu lililonse, ndipo mwana amangopatsidwa zimene zilipo.

Ku England anasankha njira ina, yogawa zosowa m'mbali zinayi: kulankhulana ndi ena, kuphunzira ndi kumvetsa, umoyo wa maganizo ndi kakhalidwe, komanso zokhudza thupi, kumva ndi kuona. Mwana mmodzi angapezeke m'mbali zonse zinayi, ndipo lamulo la mu 2014 linabweretsa ndondomeko imodzi yophatikiza maphunziro, zaumoyo ndi chisamaliro, imene ingamutsatire mpaka zaka 25. Njirayi ndimaikonda chifukwa imayambira pa mwana, ngakhale kuti kumenekonso mabanja ambiri amadikira kupitirira masabata 20 amene lamulo linaika.

Tsono thandizo lenilenilo ndi lotani? Loyamba ndi lofunika koposa ndi la kulankhulana. Mwana amene alibe njira yonenera kuti ali ndi ludzu, kapena kuti mutu ukumupweteka, amanena zimenezi pokuwa, poluma kapena pothawa m'kalasi, ndipo akuluakulu amamutcha wamwano. Katswiri wophunzitsa kulankhula ntchito yake siithera pa katchulidwe ka mawu. Amaphunzitsanso mwana kugwiritsa ntchito zizindikiro za manja, zithunzi kapena chipangizo chotulutsa mawu. Njira yopereka chithunzi posinthana ndi chinthu chimene mwana akufuna, yotchedwa PECS, inayambitsidwa ndi Andy Bondy ndi Lori Frost mu 1985 ku Delaware, m'dziko la America, ndipo imayamba mophweka: mwana amapereka chithunzi cha kapu, n'kulandira madzi nthawi yomweyo. Makolo ena amaopa kuti zithunzi zidzachititsa mwana ulesi wolankhula, koma kafukufuku sanaonetse kuti zimatero, ndipo ana ena amayamba kutchula mawu akazolowera kuti kupempha kumabweretsa yankho.

Lachiwiri ndi kukonza kalasi kuti mwana azidziwa chimene chikubwera. Pulogalamu yophunzitsira ana a autism yotchedwa TEACCH, imene katswiri Eric Schopler anaitsogolera ku North Carolina, m'dziko la America, ndipo boma la kumeneko linaikhazikitsa mu 1972, inatsindika mfundo yakuti ana ambiri a autism amamvetsa bwino zimene akuona kusiyana ndi zimene akumva. Ndandanda ya zithunzi yosonyeza zochita za tsiku, chenjezo loperekedwa phunziro lisanasinthe, ntchito yogawidwa m'magawo aang'ono okhala ndi poyambira ndi pothera, ndi ngodya yabata yopumirako phokoso likachuluka, zonsezi zimachepetsa mantha amene amabala khalidwe lovuta. Palinso akatswiri othandiza mwana kugwira pensulo, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi yekha, ndi ena ofufuza chimene chimayambitsa khalidwe linalake asanapereke njira yolisinthira. Pa nkhani ya womuthandiza wokhala pambali pake tsiku lonse, ndikupempha kusamala. Makolo amamumenyera nkhondo, ndipo nthawi zina amafunikadi, koma womuthandiza wosaphunzitsidwa bwino amasanduka mpanda pakati pa mwanayo ndi anzake, ndipo mphunzitsi wa kalasi amayamba kuona ngati mwanayo si wake.

Zonsezi ziyenera kulembedwa m'ndondomeko ya mwanayo payekha, imene ku America amaitcha IEP. Imaunikidwanso chaka chilichonse, mwana amayesedwanso zaka zitatu zilizonse, ndipo kholo ndi membala wa gulu loikonza. Ndondomeko yonena kuti mwana adzapita patsogolo pa kulankhula ilibe ntchito, chifukwa palibe angaiyese. Yabwino imanena chimene mwana akutha lero, chimene azitha chaka chikamatha, amene azimuphunzitsa, ndi mphindi zingati pa sabata. Mu 2017 khoti lalikulu la America linagamula mlandu wa Endrew F., mnyamata wa autism wa ku Colorado amene makolo ake anadandaula kuti zolinga zake zinkangobwerezedwa chaka ndi chaka. Oweruza onse anagwirizana kuti kupita patsogolo pang'ono chabe sikokwanira, ndipo ndondomeko iyenera kukhala ndi zolinga zomukankha mwana molingana ndi mmene iye alili. Lamulo lija la Individuals with Disabilities Education Act limafunanso kuti pofika zaka 16 ndondomeko iyambe kukonzekera za ntchito ndi moyo wa pambuyo pa sukulu, gawo limene mabanja ambiri amalikumbukira mochedwa.

Za malo ophunzirira, mayiko anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu 1994 kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo, ndipo gawo 24 la pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006 linatsimikiza mfundoyo. Ndimagwirizana nayo, koma kukhazika mwana kumbuyo kwa kalasi yodzaza, popanda chithunzi chimodzi chomuthandiza, n'kumati waphatikizidwa, ndi kumunamiza iye ndi makolo ake. Kumbali inayo, kumutumiza ku kalasi yapadera chifukwa cha dzina la gulu lokha, asanayesedwe m'kalasi wamba ndi thandizo lokwanira, n'kulakwanso.

Ena anganene kuti zimenezi ndi za mayiko olemera, kumene akatswiri alipo. Zoona, akatswiri ndi osowa m'madera ambiri, ndipo ngakhale m'mayiko olemerawo mizere yodikira ndi yaitali. Koma zambiri mwa zimene ndatchulazi sizidikira kalata ya dokotala. Mphunzitsi angajambule ndandanda ya tsiku papepala, angafupikitse malangizo ake, angapatse mwana nthawi yoganiza asanabwereze funso, ndipo angafunse kholo chimene chimamukhazika mtima pansi mwanayo, popeza kholo limadziwa zinthu zimene mayeso a ola limodzi sangaonetse. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi ayenera kupereka luso limeneli kwa mphunzitsi aliyense, chifukwa mwana wa autism adzalowa m'kalasi ya mphunzitsi wamba nthawi zambiri kuposa m'kalasi ya katswiri.

Kwa makolo amene aitanidwa ku msonkhano wa sukulu, ndikuwalangiza kupempha zotsatira za kuunika kwa mwana msonkhano usanachitike, kubwera ndi zolemba za zimene amaona kunyumba, ndi kufunsa pa cholinga chilichonse kuti adzachiyesa bwanji, ndani, ndipo liti. Ngati sanamvetse zimene zalembedwa, apemphe nthawi yokaziwerenga kunyumba asanasaine.

Wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa maphunziro apadera