Wosindikiza buku si wofalitsa

Akonzi,

Alembi ambiri akutaya ndalama posokoneza mawu awiri. Kusindikiza ndi kudinda, kukanikiza zilembo papepala. Mwini makina mumamulipira, akupatsani makatoni a mabuku, basi. Kufalitsa kwachokera ku kufala. Wofalitsa weniweni amasankha zolemba, amalipira mkonzi ndi wojambula chikuto, amatenga nambala ya ISBN (nambala yozindikiritsira buku padziko lonse) ku National Archives ku Zomba, amalipira wosindikiza, kenaka amaperekera mabuku m'masitolo ndi m'masukulu. Akaluza, waluza yekha. Mlembi amalandira gawo lake pa buku lililonse logulidwa.

Choncho wina akati akufalitsirani koma muyambe mwalipira, werengani mgwirizano mofatsa: adzagulitsa ndani, ndipo umwini wa zolembazo ukhala wa yani?

Wowerenga wanu,
Zomba