Matumba ogona m'nyumba sabweza ngongole

Akonzi,

Amalonda ambiri a mpunga kuno ku Nkhotakota amayesa kukula kwa bizinesi powerenga matumba. Banki, kapena munthu wofuna kugula bizinesiyo, sawerenga choncho. Amaphatikiza ndalama zomwe zilipo, katundu ndi ngongole zomwe ena sanakubwezereni, n'kuchotsapo ngongole zanu, kenako amafunsa kuti ndalama zimatenga masiku angati kuti zibwerere m'thumba.

Tiyerekeze kuti mwakongola K10 miliyoni, chiwongoladzanja 3 peresenti pamwezi, n'kugula mpunga wa Kilombero mu Juni. Mwausunga miyezi inayi podikira kuti mtengo ukwere, mwaupunthitsa kuchigayo, kenako mwaupereka kumagolosale a ku Lilongwe kuti alipire pakatha masiku 60. Pamiyezi isanu ndi umodziyi K1.8 miliyoni yapita kuchiwongoladzanja, osawerengera lendi, anankafumbwe ndi kupepuka kwa thumba mankhusu akachoka. Tsiku lobweza likakwana ndalama zili kwa eni magolosale, ndiye ulendo wa kukatapila.

Gulitsaniko matumba ena mwezi uliwonse kuti chiwongoladzanja chisaunjikane. Golosale yochedwa kulipira musaiwonjezere katundu. Ndipo chonde, ngongole yobweza m'miyezi sikisi musagulire lole kapena chigayo. Zimenezi zimatenga zaka kuti zibweze ndalama zake.

Wowerenga,
Nkhotakota