Akakufunsa za ntchito ya kumtima kwako

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti akuitana ku intavyu Lachiwiri ku Lilongwe, ku bungwe lija logwira ntchito ndi makopaletivu a alimi. Tathokoza Mulungu. Za zovala ndi masatifiketi akuuza kale mayi ako pa foni. Ine ndikufuna ndikambe za funso limodzi lomwe limagwetsa ngakhale anthu ophunzira bwino: "Kodi ntchito yomwe mumailakalaka pa moyo wanu ndi yotani?"

Limamveka ngati macheza, koma usapusitsike. Iwo akufuna adziwe ngati udzakhalitsa. Kulemba munthu ntchito kumadya ndalama: amuphunzitse, amupatse njinga yamoto, akamuonetse kwa mafumu, alimi amuzolowere. Akachoka pakati pa dzinja, mbewu zili m'munda, ntchito ya chaka chonse yasokonekera.

Tsono usakanene zimene umatiuza kuno, zoti mtima wako uli ku ofesi za United Nations ku Rome. Munthu wokafunsira mbeta sauza ankhoswe kuti amene amamufunadi ali mudzi wina. Usakanenenso kuti "ntchito iliyonse ndigwira". Ndikudziwa kuti chimalizireni ku Bunda wakhala nthawi yaitali pakhomo, ndipo zakutopetsa, koma mawu amenewo amangoonetsa njala. Zoti ntchito yawoyo unkailota uli mwana, nazonso zisiye. Afunsa anthu ambiri iwo aja, bodza amalimva lisanathe kutuluka mkamwa.

Usatchule udindo kapena dzina la bungwe. Tchula zimene manja ako ndi mutu wako zimakonda kuchita. Kumbuka nthawi ija unali ku Mchinji ndi alangizi, ukadali pa sukulu. Unabwera wakuda bii ndi dzuwa, koma usiku wonse nkhani inali ya mtedza. Unatifotokozera za amayi omwe ankawaza madzi pa makoko kuti afewe, asawapweteke zala pouswa, osadziwa kuti chinyezi chimenecho ndiye chimabweretsa chuku, ndipo mtedza wa chuku ogula akuluakulu amaukana. Unati sunawadzudzule. Unakhala nawo pamphasa, n'kutenga mtedza wowaza ndi wosawaza, n'kuwauza kuti ausunge padera aone okha. Mayi ako mpaka pano sawazanso madzi.

Yankho lako ndi limenelo. Auze kuti umafuna ntchito yokhala pakati pa mlimi ndi msika, yoti thukuta la munthu lisatayike pa sikelo chifukwa cha kanthu kakang'ono komwe akanatha kukapewa. Kamba za Mchinji mwachidule, kenako uwaonetse kuti m'chikalata chawo cholengeza ntchito waonamo zomwezo. Ukatero khala chete. Vuto lako, ngati la azakhali ako, ndi losadziwa pothera nkhani.

Akafunsa kuti udzakhala pati zaka zisanu zikubwerazi, za digiri yachiwiri usabise. Ingonena kuti ukufuna uyambe waidziwa ntchito ya kumunda, kuti ukadzabwerera ku sukulu udzadziwe chokaphunzira. Za malipiro dikira ayambitse okha.

Adzakufunsa m'Chingerezi, choncho yeserera mokweza mawu, mlongo wako akhale wofunsa. Osaloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale, akangokudula pakati zonse zithawa.

Ndakutumizira ya minibasi pa Mpamba. Unyamuke m'mamawa, pa mlatho wa Lilongwe magalimoto amathithikana. Ukatuluka uyimbe, mayi ako sadya mpaka amve.

Ndine,
Bambo ako